Tigwire Mbalame za Pakhomo ndi Kamera M'nyengo ya Masika

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa gwafa, ndipo pansi pake panali phale la mphika wosweka. Tsiku lina m'mwezi wa Epulo, mvula italeka, tinathiramo madzi ndi kuiwalako. M'mawa mwace tinapeza apumbwa awiri alikusamba m'menemo, akuwaza madzi uku ndi uku monga ana padziwe. Mnyamata wina wa pakhomo loyandikana ndi lathu anali ataima pampanda, legeni ili m'khosi, dzanja lili kale m'thumba kufunafuna mwala. Sitinamkalipire, pakuti ifenso tinakula ndi legeni ndi ulimbo, ndipo tidziwa mmene mtima umagundira mbalame ikatera pafupi. Tinangombwereka foni ndi kumuuza kuti aigwire mbalameyo ndi cimeneco. Cithunzi coyamba cinatuluka masamba okhaokha. Caciwiri cinaonetsa mcira cabe. Pa tsiku lacitatu anadza yekha m'mamawa kudzapempha foni, ndipo anajambula pumbwa yense wamphumphu, dontho la madzi lili pamlomo.

Mlenje ndi wojambula ali ndi luso limodzi. Onse awiri ayenera kudziwa kumene mbalame imakonda kutera, nthawi imene imadza, ndi mmene angaiyandikire osaiopsa. Asiyana pa cinthu cimodzi: mbalame yolasidwa imatha ndi mbamu ziwiri za nsima, pamene yojambulidwa imabweranso mawa, ndipo caka camawa imadza ndi ana ace. Lero mafoni okhala ndi kamera afika m'mabanja ambiri, m'tauni ndi kumidzi komwe. Motero tifuna kukamba nanu, awerengi athu okondedwa, za mmene banja lingajambulire mbalame ndi tinyama ta pakhomo, makamaka m'nyengo ino ya masika.

Cifukwa ciani masika?

Masika ndi nyengo ya pakati pa mvula ndi cisanu, kuyambira mu Epulo kufikira kumayambiriro kwa Juni. Ubwino wace woyamba ndi kuwala. Mvula imakhala itatsuka mlengalenga, ndipo fumbi ndi utsi wa lupsa, zimene zimaphimba dzuwa mu Ogasiti ndi Seputembala, zimakhala zisanayambe. Thambo limaoneka lobiriwira bwino, udzu umayamba kufiira, ndipo mbalame yokhala patsogolo pa udzu wotere imaoneka bwino koposa m'cithunzi.

Ubwino waciwiri ndi cakudya. Magwafa amapsa, mapapaya amafewa, mpendadzuwa umaweramitsa mitu yace m'minda ya Kum'mawa, mapira ndi mawere amakhwima, ndipo udzu wa m'mbali mwa njira umadzala njere. Njiwa zimatola zotsalira pamene amai apeta, mpheta zimalendewera pa ngala za udzu, apumbwa amaboola papaya lisanacoke mumtengo. Wacitatu ndi madzi: zithaphwi za m'dzinja zimayamba kuphwa, cotero mbalame zimasendera kufupi ndi nyumba, kumene kuli mpopi wodontha kapena citsime.

Palinso cina cimene ambiri sacizindikira. Mbalame zamphongo za mitundu ina zimavala nthenga zokongola m'nyengo ya mvula yokha, pamene zifunsira zazikazi. Achete ambiri, aja acikasu oluka zisa zolendewera, amataya cikasu cowala ndi kuda kwa kumaso. Timbalame tofiira ngati moto ta m'mabango timasanduka totuwa. Kambalame kaja koyera ndi kokuda, ka mlomo wofiira, kamene kamakoka mcira wautali pafupifupi masentimita 20 ndi kupirikitsa anzace pamalo odyera, kamathothoka mcirawo ndi kufanana ndi mpheta wamba. Amene afuna kuzijambula zitavala bwino ayenera kufulumira kumayambiriro kwa masika, ndipo amene adzapirira milungu ingapo adzakhala ndi zithunzi zoonetsa kusinthako pang'onopang'ono.

Alendo otsazika

Mu Marici ndi kumayambiriro kwa Epulo timaona anamzeze atandandalika pa mawaya a magetsi, nthawi zina mazanamazana. Anamzeze ena ndi akuno, amamanga zisa za dothi pansi pa milatho ndi m'makonde. Koma aja a pakhosi pofiira ndi pamimba poyera, amene amafika ca mu Okutobala, samanga cisa kuno. Kwao kobadwira ndi ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo akasonkhana pa mawaya ndiye kuti alikukonzekera ulendo wa makilomita oposa 7,000, ngakhale kuti kulemera kwa mmodzi ndi magalamu 20 cabe kapena kucepera.

Kale anthu a ku Ulaya sanali kudziwa kumene mbalame zao zimapita m'nyengo yozizira, ndipo ena anali kuganiza kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa madziwe. M'caka ca 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anthu anapeza dokowe woyera ali ndi muvi wa ku Africa pakhosi. Anauluka nao ulendo wonse. Mbalameyo anaiumika, ndipo isungidwa pa yunivesite ya Rostock. Umboni wa ulendo wa mbalame unafika ndi muvi masiku amenewo. Lero ungafike ndi cithunzi cokhala ndi tsiku lace, mbalame ili yamoyo. Amene adzajambula anamzeze otsiriza a caka cino, nadzajambulanso oyamba kubwera mu Okutobala, adzakhala atalemba yekha kalendala ya alendo a pakhomo pace.

Kuitana mbalame pakhomo

Kuthamangira mbalame ndi foni m'manja ndi kutaya nthawi. Njira yabwino ndi kuikonzera malo oti idze yokha, ndipo nyambo yoposa zonse ndi madzi. Phale, mbale yakale kapena civundikiro ca ndowa cikwanira. Madzi asapitirire masentimita atatu kapena anai kuya kwace, ndipo pakati muikepo mwala kuti timbalame tating'ono tipeze popondapo. Phalelo likhale pafupi ndi citsamba kapena mtengo, pamene mbalame ingathawire kabawi akatulukira, koma pasakhale powirira poti mphaka angabisalepo. Madziwo muzitaya ndi kuthira ena tsiku ndi tsiku, ndi kutsuka phale. Madzi ogonera masiku ambiri amaswetsa udzudzu, ndipo sitifuna kuti poitana mbalame tiitanenso malungo.

Pambali pa phale muzike kamtengo kouma kokhala ndi nthambi imodzi kapena ziwiri. Mbalame siimatera pamadzi mwacindunji. Imayamba yakhala panthambi, kuyang'ana uku ndi uku, ndipo pamenepo ndi pamene imajambulika bwino. Onetsetsani cimene cili kumbuyo kwa nthambiyo. Ngati kuli zovala zoyanikidwa kapena malata owala, cithunzi cidzasokonezeka. Ngati kuli masamba kapena udzu patali ndithu, mbalame idzaoneka yokha poyera.

Cakudya cikhale cimene mbalame zimadya kale: gaga pang'ono, njere za mapira kapena za mpendadzuwa, cidutswa ca papaya kapena nthoci yakupsa cobayidwa pa nthambi. Zotsala za ndiwo zamcere ndi zamafuta siziyenera, ndipo cakudya cocuruka cogonera pansi cimaitana makoswe. Maluwa ofiira okhala ngati kalipenga amakoka coso, kambalame ka mlomo wautali wopindika koyamwa timadzi ta m'maluwa, kamene nthenga zace zimanyezimira dzuwa likaziomba. Ngati masiku atatu apita popanda mlendo, musataye mtima. Mbalame imodzi ikazolowera, zina zimatsata.

Kubisala ndi kudekha

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nchito ino mau amenewa ndiwo lamulo loyamba. Mbalame imaopa kuyenda kwadzidzidzi koposa mmene imaopera munthu wokhala cete. Khalani pansi, tsamirani khoma kapena tsinde la mtengo, valani zovala zosawala, ndipo mukweze manja pang'onopang'ono. Nyumba yeniyeniyo ndi pobisala pabwino: zenera lotsegulidwa pang'ono, nsaru yocinga ili yogwetsedwa, foni itasuzumira pakampata. Panja, mphasa yakale kapena masaka omangidwa pa mitengo inai akwanira, malinga akhale pamalopo masiku angapo kuti mbalame ziwazolowere.

Nzeru ya kubisalayi ndi yakale. Abale awiri a ku Yorkshire ku England, Richard ndi Cherry Kearton, anatulutsa m'caka ca 1895 buku la zisa za mbalame za ku Britain limene zithunzi zace zonse zinali zojambulidwa ndi kamera, cinthu cacilendo pa nthawiyo. Pofuna kuyandikira mbalame za kudambo anapangitsa ng'ombe yabodza, cikopa cokutidwa pa mitengo, m'kati muli mphako. Mmodzi anali kulowamo ndi kamera yace, diso la kamera litasuzumira pa kabowo ka pacifuwa, nakhala wowerama kwa maola ambiri. Ife a lero tili ndi zipangizo zopepuka kutali, koma kupirira kofunika ndi komweko.

Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa litangotuluka, ca m'ma 6 koloko, kufikira ca m'ma 8, ndiponso madzulo kuyambira ca m'ma 4 koloko. Pa maola amenewa mbalame zimadya ndi kusamba, ndipo kuwala kumadza cam'mbali, kofewa. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda pansi pa mutu ndi pamimba pa mbalame. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena paphewa, kuti liunikire mbalame, lisaombe diso la kamera.

Kagwiridwe ka foni ndi kamera

Amene tinajambulapo m'zaka za m'ma 1990 tikumbukira filimu ya zithunzi 24 kapena 36, imene tinali kuisunga monga mcere m'caka ca njala, ndi kudikira masiku kuti aitsuke tisanaone ngati tajambula munthu kapena khoma. Ndani akadataya filimu yotere pa pumbwa? Lero cithunzi coipa timangocifafaniza, cotero munthu angayese kambirimbiri popanda kulipira kanthu.

Yambani ndi kupukuta diso la kamera ndi kansaru kofewa, pakuti foni yokhala m'thumba imadetsedwa ndi zala. Zimitsani kulira kwa foni ndi kuwala kwa fulashi. Pewani kukuza cithunzi kwambiri ndi zala pagalasi: m'mafoni ambiri kutero kumangotambasula cithunzi comweco mpaka cioneke cambuu. Cofunika ndi kuyandikira, ndipo pali njira yoyandikira popanda inu kukhalapo. Tsamizani foni pa njerwa, mita imodzi kucokera paphale, yambitsani vidiyo, mucokepo. Pambuyo pace mudzasankha m'vidiyomo malo amene mbalame yaoneka bwino. Mafoni ambiri amalolanso kujambula ndi batani la pa cingwe ca zomvera m'makutu, inu muli kuseri kwa mphasa. Amene ali ndi mabainokyula angagundanitse diso la foni ndi diso limodzi la mabainokyulawo. Poyamba zimavuta, koma dzanja likazolowera, mbalame yakutali imasendera pafupi.

Khudzani pagalasi pamene pali mutu wa mbalame kuti kamera ilunjike pamenepo. Diso la mbalame likaoneka bwino, cithunzi cili ndi moyo ngakhale mcira utasokonezeka. Dzicepetseni kufikira msinkhu wa mbalameyo: ngati ili pansi, gonani cafufumimba. Cithunzi cojambulidwa munthu ali ciimire cimaonetsa msana ndi dothi cabe. Gwiritsaninso nchito njira ija yojambula zithunzi zambiri motsatizana, pakuti kambalame kamatembenuza mutu msanga kuposa cala ca munthu. Kwa amene ali ndi kamera yaikulu, lenzi ya mamilimita 300 kapena kuposa imathandiza, ndipo kamera itsegule ndi kutseka diso lace pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kuti mapiko asaoneke ngati utsi.

Anansi ena a pabwalo

Pakhomo sipakhala mbalame zokha. M'masika bilimankhwe wamkazi amatsika mumtengo kukakumba dzenje loikiramo mazira, ndipo ndi nthawi imene timakumana naye akudutsa njira mwa kayendedwe kace kokayikakayika. Ambiri amamuopa, ena amamuponya miyala, koma alibe ululu, ndipo amadya nchenche ndi ziwala. Kwa wojambula ndi bwenzi lenileni popeza sathamanga. Myandikireni pang'onopang'ono ndi kudikira kufikira limodzi la maso ace, amene amayenda lililonse palokha, litayang'ana kwa inu. Musamnyamule kapena kumuika pa nsaru kuti asinthe maonekedwe; akada kwambiri ndi kuyasama ndiye kuti mwamsautsa.

Agulugufe ndi atombolombo amajambulika bwino m'mamawa kukali kozizira, asanaothe dzuwa ndi kuyamba kuuluka. Pa nthawi yomweyo ukonde wa kangaude umakhala ndi mame, ndipo ukajambulidwa dzuwa lili kuseri kwace umaoneka ngati mikanda. Pano foni imaposa makamera ambiri, cifukwa imatha kuona cinthu pafupi kwambiri. Gulo amazungulira tsinde kuti abisale, koma mukakhala cete amasuzumiranso. Gologolo amadza ku mtedza woyanikidwa. Za njoka tinene mosabisa: ana asaiyandikire pofuna cithunzi, ngakhale ioneke yaing'ono kapena yakufa.

Malire amene sitiyenera kulumpha

Timba sacepa ndi mazira ace. Cisa ndi nyumba ya eni, ndipo cithunzi ca mazira kapena ca anapiye cingathe kugulidwa ndi moyo wao. Kudula nthambi zophimba cisa kuti cioneke bwino ndi kucionetsa kwa khwangwala ndi kwa dzuwa. Kukhalitsa pafupi kumaletsa make kufungatira kapena kudyetsa ana. Mwana wa mbalame wopezeka pansi ali ndi nthenga kale, nthawi zambiri makolo ace ali pafupi, ndipo angofunika kumsiya ndi kuingitsa mphaka. Mbalame yogwidwa ndi ulimbo kapena yomangidwa mwendo kuti ijambulidwe siwerengedwa.

Eni cisa nao amateteza cao. Eric Hosking, wojambula mbalame wochuka wa ku Britain, anataya diso lace lamanzere m'caka ca 1937 pamene kadzidzi anamkhadzula kumaso pafupi ndi cisa ku Wales. Sanaide mbalameyo, ndipo atacira anapitiriza nchito yace kwa zaka zambiri. Kuno kwathu kadzidzi amaphedwa kaamba ka mantha a ufiti, cikhalireco banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ndi mbewa mazana ambiri pa caka, omwe aja amatha cimanga m'nkhokwe. Mukampeza atagona mumtengo masana, mjambuleni muli patali, osamuwalitsira fulashi, ndipo musaitane gulu.

Cithunzi ndi umboni

Dziko la Zambia lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750, kuyambira nkhwazi ya pa mbendera yathu kufikira timba. Mtundu umodzi, umene unachedwa dzina la Chaplin, supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi: mbalame yoyera, yofiira kuzungulira maso, yokhala m'mikuyu ya ku madera a Choma ndi a mtsinje wa Kafue. Mikuyu ikadulidwa, iyonso ilibe kolowera. Zimene tidziwa za mbalame zathu zinasonkhanitsidwa kwambiri ndi anthu odzipereka olemba zimene aona, ambiri a iwo a m'bungwe la Zambian Ornithological Society, limene linayamba mu 1969 ndipo tsopano lichedwa BirdWatch Zambia. Zolemba zotere ndizo zinabala buku lalikuru la The Birds of Zambia mu 2008.

Cithunzi ca pakhomo panu cingathe kulowa m'nchito yomweyo ngati mulemba tsiku ndi malo. Pa intaneti pali eBird ndi iNaturalist, kumene anthu amatumiza zimene aona, ndipo odziwa amathandiza kuchula dzina. Loweruka laciwiri la mwezi wa Meyi, ndiponso la Okutobala, ndi tsiku lokumbukira mbalame zoyenda maulendo pa dziko lonse, ndipo makalabu a Chongololo m'masukulu angapeze pamenepo nchito yokoma. Koma musanafunse intaneti, funsani agogo. Aonetseni cithunzi, akuuzeni dzina la Cinyanja, kulira kwace ndi nthano yace, ndipo mwana alembe m'kabuku. Ana ambiri a m'tauni lero sangasiyanitse mnthengu ndi khwangwala, ndipo dzina limene palibe wolichula limafa msanga kuposa mbalame.

Umboni umenewu ufunika cifukwa pakhomo pathu pasintha. Mitengo yapita ku makala, mabwalo akutidwa ndi simenti, ndipo cifikire mbozi zacilendo zoononga cimanga kumapeto kwa 2016, mankhwala opopera acuruka m'minda. Mbalame zodya tizilombo ndi anchito a mlimi osalipidwa, ndipo zikacepa sipamveka phokoso. Munthu amangodzidzimuka tsiku lina kuti papita zaka asanamve kulira kwakuti. Kabuku ka zithunzi za masika a caka ndi caka kadzanena zoona pamene cikumbumtima cathu cidzaiwala.

Ku cigwa ca Luangwa, m'caka ca 1950, Mfumu Nsefu inamvana ndi Norman Carr kupatula mbali ya dziko lace kuti alendo azidzaona nyama zamoyo, ndipo ndalama zolipira zinali kupita kwa eni dziko. Lero anthu ambiri a ku Mfuwe amadyetsa mabanja ao ndi nchito yoperekeza alendo onyamula makamera, ndipo woperekeza wabwino ndi uja adziwa mbalame ndi kulira kwace. Maso otere amaphunzitsidwa paubwana, ndipo sukulu yace ingayambe pa phale la madzi.

Inu makolo, sitikupemphani kugula kamera. Tikupemphani phale limodzi, madzi a m'kapu, ndi kubwereka mwana foni kwa theka la ola Loweruka m'mawa, inu muli naye pafupi. Mnyamata uja wa pampanda legeni yace akali nayo, ndipo sitinganene kuti anaitaya. Koma pansi pa gwafa wathu saponyapo mwala, ndipo anzace akadza amawaletsa, cifukwa apumbwa awiri aja amawadziwa, ndipo mmodzi ali ndi nthenga yoyera paphiko imene iye yekha anayamba kuiona.